Oyilo wa thirakitala: musagule dzina, musagulenso kutchipa

Lero ndabwera ndi nkhani imene ambiri amati ndi ya amakaniko, koma ine ndimaiona kuti ndi yathu ife otumiza katundu. Ifeyo timatha kukangana tsiku lonse za mtengo wa kontena, za ma agent a ku Beira ndi ku Dar es Salaam, za reti ya paundi. Koma likafika funso lakuti kumbuyo kwa thirakitala imene tikugulitsayo muthiridwe oyilo wanji, mayankho amakhala awiri okha. Ena amati gulani wa kwa dila basi, wolembedwa dzina la thirakitalayo, zina zonse ndi zinyalala. Ena amati aaa, oyilo ndi oyilo, tengani wotchipa wa pa intaneti, thirakitala ya 1985 ingadziwe chiyani. Ine ndikutsutsa mbali zonse ziwiri. Oyambawo akutaya ndalama. Achiwiriwo akutaya thirakitala, ndipo pamodzi ndi thirakitalayo akutaya mbiri yawo kumudzi.

Ife a ku Leicester tinakhala pabwino, ngakhale ambiri sitizindikira. Mukatsika ndi M69 mufika ku Coventry, kumene fakitale ya Banner Lane inapanga mathirakitala oposa 3 miliyoni kuyambira 1946 mpaka pamene inaleka kumapeto kwa 2002. Ma Massey Ferguson 135, 165, 290 ndi 390 amene timatumiza ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Chipata, ambiri anabadwira pamenepo, injini zake za Perkins zikuchokera ku Peterborough. Likulu la John Deere la kuno ku UK lili ku Langar, ku Nottinghamshire. Okushoni ya Cheffins ku Sutton, kufupi ndi Ely, imachitika mwezi uliwonse ndipo ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ndiye mathirakitala timawadziwa, mitengo yake timaidziwa. Chimene sitinachiphunzire bwino ndi chimene chili m'mimba mwa thirakitalayo.

Pa Massey zimene timagulitsazi, oyilo wa kumbuyo ndi mmodzi koma ntchito zake ndi zambiri. Yemweyo akusambitsa magiya m'giyabokosi, yemweyo ali mu difu ndi m'maekiselo, yemweyonso ndi amene pampu imakoka kuti lifiti inyamule pulawo. Pa 290 ndi 390 pali chinanso: mabuleki ake amasambira m'oyilo momwemo, ndipo ngati thirakitalayo ili ndi PTO yodziyimira payokha, mbale za kilatchi yake nazonso zili momwemo. Tangoganizani zimene tikumupempha oyiloyu. Pa mano a magiya tikufuna akhale wolimba kuti chitsulo chisadye chinzake. Pa pampu tikufuna ayende mosavuta, asachite thovu. Pa mabuleki tikufuna aterere pang'ono koma asaterere kwambiri, kuti mbale zigwire mofewa. Zimenezi sizichitika ndi mafuta okha. Zimachitika ndi mankhwala amene amasakanizamo, ndipo mankhwalawo ndi amene amadula.

Apa ndi pamene liwu lakuti "hydraulic" lapha mathirakitala ambiri kwathu kuposa ngozi za pamsewu. Munthu amalowa m'shopu ya masipeya n'kunena kuti ndikufuna oyilo wa hydraulic. Wogulitsa, mosalakwa n'komwe, amamupatsa chigubu cholembedwa 32, 46 kapena 68. Ameneyo ndi oyilo wa hydraulic weniweni, ndipo manambalawo amangonena kulemera kwake akatenthedwa kufika madigiri 40. Ndi wabwino pa tipa, pa jeke, pa makina okumba amene ali ndi thanki yakeyake ya hydraulic. Koma alibe mankhwala a mabuleki osambira m'oyilo, ndipo sanapangidwire kunyamula katundu wa mano a difu. Thirani ameneyo mu 290, lifiti inyamuka bwinobwino, aliyense aombera m'manja. Pakapita masabata, mabuleki amayamba kulira ngati chitseko cha dzimbiri, thirakitala n'kumanjenjemera mukaponda. Chimene chikuchitika n'chakuti mbale zikugwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Zikutha. Tizidutswa take tikuyandama m'oyilo, ndipo oyilo yemweyo ndi amene pampu ikumwa.

Kasitomala wanga wina wa ku Kasungu anandiimbira pa WhatsApp mwezi wa November, mawu ali m'mwamba, akuti mwandigulitsa chiphakasa. Ndinamupempha ajambule chigubu chimene makaniko wake anathira. Chinali cha 68, cha kampani yodziwika bwino, oyilo weniweni osati wachinyengo. Dzina linali labwino, mtengo unali wokwera, mtundu ndi umene unali wolakwika. N'chifukwa chake ndimati mkangano wa dzina ndi kutchipa umayambira pakati. Funso loyamba ndi mtundu. Wa kumbuyo kwa thirakitala amalembedwa UTTO, ndipo pali mnzake STOU amene amaloledwanso kulowa mu injini za mathirakitala akale. Ngati zilembo zimenezi palibe, kapena palibe mawu onena za giyabokosi ndi mabuleki a thirakitala, chisiyeni chigubucho ngakhale chikhale chokongola bwanji.

Tsopano tibwere kwa abale anga okonda dzina. Ndikufunseni: munamvapo kuti kampani yopanga mathirakitala ili ndi chitsime cha mafuta? Oyilo wolembedwa dzina la thirakitala amaphikidwa ndi makampani a oyilo, motsatira zimene mwini dzinayo walamula. Ambra wa New Holland, mwachitsanzo, kwa zaka zambiri wakhala akupangidwa ndi Petronas. Kaphikidwe kake n'kofanana kulikonse: mafuta oyambira, amene ndi gawo lalikulu la chigubu, kuphatikiza mankhwala aja. Ndipo makampani akuluakulu opanga mankhwalawo padziko lonse ndi anayi: Lubrizol, Infineum, Afton ndi Chevron Oronite. Lubrizol ili ndi malo ake oyezera ndi kufufuzira ku Hazelwood, kumtunda kwa Derby, pompano pa East Midlands. Makampani osakaniza oyilo amagula mankhwala kwa anayiwa, mankhwala oyezedwa kale kuti akaikidwa pamlingo wakuti m'mafuta a mtundu wakuti, akwaniritsa zimene John Deere kapena Massey Ferguson amafuna.

Osakaniza oyilo oterewa atizungulira. Witham ali ku Lincoln kuyambira 1921. Morris Lubricants ali ku Shrewsbury kuyambira 1869. Exol ali ku Wednesbury, Fuchs ali ku Hanley m'Stoke-on-Trent. Sindikutsatsa malonda a aliyense, palibe amene amandipatsa kanthu. Ndikungonena kuti awa ndi makampani okhala ndi adiresi, labu ndi foni imene munthu amayankha, ndipo alimi a ku Lincolnshire ndi ku Leicestershire, anthu osaseweretsa ndalama ngakhale pang'ono, amathira oyilo wawo m'makina odula kuposa nyumba zathu. Mukapita ku Midlands Machinery Show pa Newark Showground mwezi wa November, kachezeni nawo alimiwo, muwafunse chimene chili m'shedi mwawo.

Ndisanamizire dila. Oyilo wa kwa dila ndi wabwino. Hy-Gard wa John Deere ndi oyilo wapamwamba, palibe amene angatsutse. Ngati thirakitala ndi yatsopano ndipo ikadali pa waranti, kapena ili ndi magiyabokosi amakono aja osintha okha monga Vario ya Fendt ndi Dyna-VT ya Massey, musachite masewera, gulani chimene buku lanena ndipo sungani lisiti. Koma tinene chilungamo, ndani pagulu pano amene akutumiza Vario ku Ntchisi? Ife tikutumiza makina a zaka 30, 40, ena 50. Waranti yake inatha ambiri a ife tili ku pulayimale. Pa makina oterewa, ndalama yowonjezera imene mukupereka kwa dila mukugula mtendere wa mumtima ndi mtundu wa chigubu. Mtendere wa mumtima ndi chinthu, sindikukana, koma ulipo wotsika mtengo kuposa pamenepo.

Chimene chimateteza thirakitala ndi muyezo, umene pa chigubu amautcha spec. Kampani iliyonse ya mathirakitala inalemba zimene oyilo ayenera kupirira, n'kuzipatsa nambala. Za Massey Ferguson ndi M1135, M1143 ndi M1145 pa oyilo wa giyabokosi ndi mabuleki, ndipo M1139 ndi M1144 ndi za STOU. Ya John Deere ndi J20C. Ya Ford yakale ndi M2C134-D, imene ku New Holland mnzake ndi NH 410B. Za Case ndi MS 1207 ndi MS 1209. Lembani manambalawa mufoni. Nthawi zambiri mudzaonanso API GL-4 pambali pake. Tsegulani buku la thirakitala yanu, pezani nambala yake, kenako muitembenuze chigubu muone kumbuyo, kumene kuli tizilembo ting'onoting'ono. Kutsogolo kwa chigubu ndi kwa otsatsa malonda. Kumbuyo ndi kumene kampani imadzimangirira.

Ndipo powerenga kumbuyoko chenjerani ndi Chingerezi cha anthu a malonda, chifukwa mawu atatu amene amaoneka ofanana sali ofanana. Akalemba "approved", akunena kuti mwini muyezo anauona oyiloyo n'kuuvomereza. Akalemba "meets", ndi kampani ya oyiloyo imene ikulumbira yokha kuti wakwanira, ndipo kulemera kwa lumbirolo kumadalira amene akulumbira. Akalemba "suitable for" kapena "recommended for", akungopereka maganizo awo. Kwa kampani yokhazikika, "meets" ine amandikwanira pa thirakitala yakale. Kwa wogulitsa wa pa intaneti amene dzina lake linabadwa chaka chatha, ngakhale alembe manambala 25 motsatizana, kwa ine ndi zokongoletsa chabe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza amve zimene zinachitika ku America, dziko la malamulo ndi maloya. Kwa zaka zambiri masitolo a alimi kumeneko ankagulitsa oyilo wotchipa m'ndowa zachikasu zolembedwa 303. Nambalayo inali muyezo wakale wa John Deere, umene kampaniyo inausiya mu 1974. Oyilo wa muyezo umenewo ankadalira mafuta a anangumi, amene analetsedwa. Ndiye kwa zaka zoposa 40 anthu ankagula chinthu cholembedwa muyezo umene unafa, umene palibe akanatha kuuyeza n'kunena kuti wakwanira kapena ayi. Mu 2017 nthambi ya zaulimi ya boma la Missouri inayeza oyilo ameneyu n'kulamula kuti achotsedwe m'masitolo, ndipo Georgia ndi North Carolina anatsatira. Alimi anakasuma, akunena kuti m'ndowa zina munkathiridwa zotsukira mapaipi a m'fakitale ndi oyilo wogwira kale ntchito, ndipo milandu ina inatha ndi kulipira madola mamiliyoni. Onani bwino apa: ndowa zija zinali ndi nambala. Nambala payokha si chitetezo. Iyenera kukhala nambala yamoyo, yolembedwa ndi kampani imene ingagwidwe pakhosi ikanama.

Kuno ku UK tili ndi mwayi umene kwathu kulibe. Kuyambira 2013 pali bungwe lotchedwa VLS, limene limalandira madandaulo okhudza oyilo amene akudzitama ndi zimene alibe. Limafufuza, limayezetsa, ndipo zotsatira zake limazilemba poyera pa intaneti, dzina la kampani ndi la oyilo zili pomwepo. Musanagule mtundu umene simukuudziwa, kaoneni ngati unatchulidwapo. Chinanso chosavuta: pemphani data sheet. Kampani yeniyeni imakutumizirani tsiku lomwelo, pepala losonyeza kulemera kwa oyilo pa madigiri 40 ndi pa 100, ndi miyezo imene akukwaniritsa. Onaninso ngati chigubu chili ndi batch number ndi chidindo chosadulidwa pachivindikiro. Wogulitsa akayamba kuzungulira, akuti bwana musadandaule ndi yemweyo amathira ma dila, ingomuthokozani muzipita. Safunsa anadya phula.

Tiyeni tichite masamu, chifukwa ndi chilankhulo chimene tonse pano timamva. Mitengo imasinthasintha, ndiye manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo a sabata ino. Kumbuyo kwa 390 kumalowa malita opitirira 40, ndiye mugula zigubu zitatu za malita 20, chotsalacho n'chowonjezera akamachepa. Tinene kuti cha kwa dila ndi £100, cha kampani yosakaniza yodziwika ndi £65, chopanda mbiri ndi £40. Zitatu zikhala £300, £195 ndi £120. Kuchoka kwa dila kupita pakati mwasunga £105 popanda kuika thirakitala pachiswe. Imeneyo ndi ndalama yoyera, tengani. Kuchoka pakati kupita pansi mwasunga £75 yokha, ndipo pa £75 imeneyo mwabetcha mabuleki, pampu ndi kilatchi ya PTO. Oyiloyu sasinthidwa mwezi uliwonse ngati wa minibasi, kwa alimi ambiri ndi kamodzi pachaka. Ndiye £75 pachaka chathunthu. Pamene kusintha mbale za mabuleki pa 390 ndiye kuti kuchotsa matayala, kutsitsa maekiselo, kuitanitsa masipeya, kudikira, kulipira makaniko, n'kugulanso oyilo wina watsopano.

Ndipo vuto lalikulu si masipeya. Ndi kalendala. Thirakitala kwathu imapanga ndalama zake pa miyezi itatu, September mpaka November, pamene aliyense akufuna munda wake ulimidwe mvula isanagwe. Kasitomala wanu watenga ngongole, walandiriratu ndalama za anthu a m'mudzi kuti adzawalimira. Thirakitala ikagona masabata atatu nthawi imeneyo, chaka chatha basi. Sadzanena kuti oyilo anali wolakwika. Adzanena kuti achimwene a ku UK aja amagulitsa zakufa, ndipo adzanena zimenezi pamaliro, kutchalitchi, kumzikiti ndi pa okushoni ya fodya ku Chinkhoma. Ife malonda athu alibe chikwangwani pamsewu. Amayenda ndi pakamwa.

Mbali ya kwathu ndi imene imandichititsa kukayikira kwambiri nzeru yakuti "ingogulani dzina lalikulu". Kuno dzina lalikulu limatanthauza kuti mwalipira zambiri. Kwathu dzina lalikulu ndi limene akuba amakonda kubera. Palibe amene amavutika kupanga chinyengo cha oyilo wosadziwika. Amatola zigubu zopanda kanthu za mayina otchuka, n'kuthiramo chilichonse chooneka chagolide, n'kutseka bwinobwino. Amene munayendapo m'malo a masipeya ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Biwi mwaonanso oyilo wa m'mabotolo a madzi akumwa, woyezedwa pa lita, wopanda dzina ngakhale nambala. Sindikunyoza mavenda, akusaka ya ndiwo ngati ife tomwe. Koma kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiponso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo chinthu chikakwera achinyengo amachuluka. Oyilo weniweni alipo ku Malawi, kwa madila ovomerezeka ngati FES amene amagulitsa Massey Ferguson ndi kumakampani akuluakulu a mafuta. Koma mlimi wa ku Chamama kapena ku Mkanda, thirakitala itaima pakati pa munda Loweruka masana, sapita ku Lilongwe. Atuma mnyamata pa kabaza kukagula chimene chili pa trading centre.

Pali za kutentha. Oyilo amene timagula kuno anapangidwa poganiziranso m'mawa wa January ku Melton Mowbray, pamene madzi aundana m'migelo ya ng'ombe. Kwathu vuto ndi lina. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa October ndi November kumapitirira madigiri 40, thirakitala ikukoka pulawo ya madisiki panthaka youma gwa kuyambira m'bandakucha. Oyilo akatentha amapepuka. Wabwino amapepuka pang'ono n'kuima. Wotchipa, amene mankhwala ake olimbitsa amaduka msanga ndi mano a magiya, amasanduka ngati madzi, ndipo mudzamva dalaivala akuti m'mawa lifiti imanyamula bwino koma ikafika 11 koloko imagwa yokha. Pampu yotopa ya zaka 40 ikakumana ndi oyilo wopepuka, zimatero. Choncho oyilo wopepukitsitsa wa kumaiko ozizira, monga wa muyezo wa J20D, alibe ntchito kwathu. Ndipo njira yothetsera si kuthamangira ku oyilo wa magiya a lole. Amakaniko ena amakonda kuthira EP 90 kapena 140 wa GL-5 mu 135 ndi mu Ferguson zakale zotuwa zija, akuti kuti aleke kudontha. Mankhwala a salufa a mu oyilo wotere akatentha amatha kudya zitsulo zachikasu, za mkuwa, zimene zili m'kati mwa makina akalewa, ndipo pampu imavutika kukoka oyilo wolemera chotero. Pa 135 ndi 165 ambiri kuno amathira STOU, wa 15W-30 kapena woyandikira pamenepo, ndipo amayenda bwino.

Musaiwale oyilo amene thirakitala yabwera naye kuchokera ku okushoni. Simukudziwa anathira ndani, liti, wa mtundu wanji. Ambiri mwa makinawa akhala panja zaka, mvula ya ku England ikulowa pang'onopang'ono kudzera pa mphira zong'ambika za pa ndodo za magiya. Solorani dipisitiki. Mukaona oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, mmenemo muli madzi. Mukamva fungo lopserera, china chake chakhala chikutentha. Oyilo wotereyo achoke yense, ndipo Massey ili ndi potulutsira pangapo, musatsegule pamodzi n'kunena kuti mwatha. Tsukani sefa ya pa pampu, sinthani mphira zija, ndi zotchipa. Kuthira oyilo wa £100 pamwamba pa matope akale n'chimodzimodzi kuvala suti osasamba.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Mukuti mpamba wanga ndi wochepa, kasitomala amalira pa mtengo wa thirakitala yokhayo, ndiwonjezerenso oyilo? Ndiye ndikuyankheni ngati mnzanu wa geni. Musamupatse ulere, ikani pa invoice ngati chinthu chapachokha, mumufotokozere chifukwa chake. Munthu amene wapeza mamiliyoni ogulira thirakitala sangakanike pa zigubu zitatu ngati wamva kuti zikuteteza chiyani. Amene wakana, mulembereni pa WhatsApp kuti mwakana nokha, uthengawo muusunge. Ena mukuti thirakitala zathu zimadontha, kuthira oyilo wabwino n'kuthirira nthaka. Zoona, zimadontha. Koma yankho la kudontha ndi ma seal, ndipo ma seal a Massey ndi ena mwa masipeya osavuta kupeza padziko lonse. Oyilo amene watsala m'katimo ndi amene akugwira ntchito, kaya wina wadontha kaya ayi. Enanso mukuti agogo anu anayendetsa 165 zaka 20 ndi oyilo wa injini wotsala ndipo sinafe. N'kutheka ndithu. Ma 165 ambiri ali ndi mabuleki ouma, osakhudzana ndi oyilo, ndipo makina amenewo amapirira nkhanza ngati bulu. Musatengere zimenezo pa 390.

Kusakaniza nakonso ndi nkhani. UTTO wa makampani awiri osiyana, onse a muyezo umodzi, mukawonjezera wina pa mnzake palibe choopsa. Choopsa ndi kuwonjezera mtundu wina: lero malita 5 a 68, mwezi wamawa malita 3 a oyilo wa injini, kenako kabotolo ka ATF kamene kanatsala pa galimoto ya abwana. Pakutha pa nyengo mankhwala a mabuleki aja asungunuka, muli chisakanizo chimene palibe labu ingachitchule dzina. Ndipo fumbi la October likalowa kudzera pa fanulo yakuda kapena chigubu chosiyidwa chotsegula, ngakhale Hy-Gard sangakupulumutseni.

Ine zimene ndimachita ndi izi, aliyense atengepo chimene chamukomera. Thirakitala iliyonse imapita ndi oyilo wokwanira kusintha kamodzi ndi wowonjezera, wa kampani yosakaniza ya konkuno, UTTO kapena STOU malinga ndi makinawo. Zigubuzo ndimazilembetsa pa packing list ndi kwa agent, chifukwa oyilo ndi katundu payekha pamaso pa MRA, ndipo kubisa zigubu pansi pa matayala n'kufuna kuti kontena yonse igone pa boda ya Mwanza kapena Songwe. Pa madigadi, pafupi ndi pothirira, ndimalemba ndi penti yosafufutika m'Chichewa: mtundu wa oyilo, nambala ya muyezo, ndi mawu akuti osathira 46 kapena 68. Buku limasowa, mwini thirakitala amaiwala, dalaivala amasintha, koma madigadi imakhala pomwepo. Ndimatumizanso chithunzi cha kumbuyo kwa chigubu kwa makaniko amene azisamalira makinawo, kuti akamakagula wina ku Lilongwe kapena ku Blantyre akafanizire manambala osati mtundu wa chigubu. Ndipo ndimawauza kuti chigubu chikatha achiboole pansi kapena achidule pakamwa. Ndikudziwa kuti amayi akunyumba amachifuna chotungira madzi, koma choyamba, chigubu cha oyilo si cha madzi akumwa, chachiwiri, chigubu chathunthu chokhala ndi chizindikiro chake ndicho chimene achinyengo amasaka.

Za dilamu la malita 205: pa lita limatchipa, ndipo limakwanira ma 390 anayi kapena ma 135 asanu ndi limodzi. Ngati muli ndi yadi yanu ku Lilongwe kumene mumakonzera makina musanapereke kwa makasitomala, tengani dilamu. Koma ngati mathirakitala anu amabalalika, ina ku Mzimba ina ku Katete, dilamu likatsegulidwa liyamba kugawidwa m'zigubu za mafuta ophikira, ndipo tabwerera pomwe tinachoka. Ine ndimakonda paleti ya zigubu za malita 20 zomata, ndipo makampani osakanizawa amatsitsa mtengo munthu akatenga paleti yathunthu. Mmodzi payekha paleti imamulemera. Anthu anayi kapena asanu a ku Leicester, Nottingham, Derby ndi Northampton tikaphatikiza, aliyense atenga zake pamtengo wa hoseli. Amene muli ndi makina opita kontena isanafike nyengo yolima, lembani m'munsimu mtundu wa thirakitala ndi kuchuluka kwake, tione ngati tikufuna UTTO yekha kapena tisakanize ndi STOU, kenako tipemphe mitengo ndi ma data sheet kumakampani atatu tifanizire.